Alendo Amene Anasiya Maina Ao m'Makomboni a Lusaka

Anthu a ku Migodi amene amabwera ku Lusaka kudzaona abale ao amazizwa ndi maina a malo a mumzindamo. Maina ena ndi omveka kwa munthu ali yense wodziwa Cinyanja, monga Chawama ndi Mtendere, koma ena ndi acilendo ndithu: George, Marrapodi, John Howard, John Laing, Villa Elizabetha. Ana obadwira m'malo amenewa amachula mainawo tsiku ndi tsiku osafunsa kuti eni ace anali ayani. Komatu maina amenewa sanagwe kumwamba. Ena anali a makampani omanga nyumba, ndipo ena anali a anthu, alendo ocokera kutsidya kwa nyanja kapena kumwera kwa mtsinje wa Zambezi, amene anadzakhala pamalopo kukali thengo, mikango ikali kulira usiku kumene lero kuli misika. Nkhani ya lero ndi ya makhalidwe a alendo amenewo, ndi m'mene minda yao inasandukira makomboni.

Lusaka anayamba m'caka ca 1905, pamene njanje yocokera ku Livingstone inalikupita ku mgodi wa Broken Hill, umene lero ndi Kabwe. Omanga njanje anali kuika popatukira sitima pa mtunda wa mamailosi ngati 20 uli wonse, ndipo popatukira pamodzi anapacha dzina la nyakwawa Lusaaka, amene mudzi wace unali pafupi ndi Manda Hill. Dzikolo linali la Asoli ndi Alenje. Koma olamulira pa mapepala anali a kampani ya British South Africa, imene inagwira dzikoli kufikira 1924, ndipo kampaniyo inagulitsa malo a m'mbali mwa njanje kwa Azungu pa mtengo wocepa kwabasi, maekala zikwizikwi kwa munthu mmodzi. Eni nthaka sanafunsidwe.

Ambiri mwa oyamba kufika anali Mabunu. Nkhondo yao ndi Angelezi itatha m'caka ca 1902, ena a iwo anatsala opanda minda ndi ng'ombe, tsono anamanga akatundu ao pa ngolo nalowera kumpoto. Cimene cinawakopa pa cidikha ca Lusaka cinali cakuti panalibe kashembe wopha ng'ombe, ndiponso malowo ndi okwera, ozizira bwino m'miyezi ya June ndi July. Ngolo yaikuru ya Mabunu inali kukokedwa ndi ng'ombe 16, ndipo banja lonse linali kugona m'ngolomo kapena pansi pace kufikira nyumba itatha.

Anthu a masiku ano akamva za nyumba ya Mzungu wa pafamu amaganiza za khonde lalitali ndi malata ofiira. Zimenezo zinadza pambuyo. Nyumba yoyamba ya mlendo inali ya mitengo ndi dothi, yofolera ndi udzu, yosasiyana kwenikweni ndi ya mfumu ya m'mudzi, koma kuti inali ya ngondya zinai. Pansi pace anali kutsira dothi la pa culu ndi kuzira ndi ndowe. Mipando ndi matebulo anali kuzikhoma ndi matabwa a mabokosi amene munabwera zitini za parafini, ndipo zitinizo zikatha parafini zinasanduka mitsuko yotungira madzi, miphika yophikira anchito, ngakhale zoyezera cimanga. Ciswe sicinali kusankha mtundu wa munthu. Cinadya mitanda ya nyumba ya Mbunu monga cinadyera ya Msoli, ndipo mlendo anaphunzira kwa anchito ace mitengo imene ciswe cimaiopa.

Tsiku linali kuyamba kukali mbandakuca. Kapitao anali kuomba citsulo copacikidwa pamtengo, anyamata namanga ng'ombe m'magoli, pakuti ng'ombe yolima iyenera kupumula dzuwa likafika pamutu. Mwini famu anali kumwa khofi wace, natenga mfuti, nayendera khola kukaona ngati cirombo calowa usiku. Nyama ya m'thengo ndiyo inali ndiwo ya masiku onse. Anali kuidula mizere, kuithira mcere ndi kuiyanika pamthunzi kuti ikhale miyezi. Mkazi wace ndiye anali ndi nchito yosatha: kuphika buledi m'ng'anjo yokumba pa culu, kupanga sopo ndi makandulo ndi mafuta a ng'ombe, kusoka zobvala za banja lonse, ndi kuphunzitsa ana kuwerenga m'Buku Lopatulika, popeza sukulu inalibe. Mabanja a Mabunu anali akuru, ndipo ambiri anali osauka kotero kuti Azungu anzao a ku Boma anali kuwayang'ana ndi diso lonyoza.

Mdani woposa mkango anali udzudzu. Mlendo ali yense anali kumwa kwinini madzulo, koma malungo anali kumgwirabe, ndipo malungo akabwerezabwereza anali kusanduka nthenda yoopsya ija ya mkodzo wakuda, imene inali kupha munthu wamphamvu m'masiku owerengeka. Dokotala anali kutali, njira m'dzinja inali matope okhaokha. Cifukwa cace pa mafamu akale ambiri panali kamanda kuseri kwa nyumba, ndipo manda ambiri pamenepo anali aafupi, a ana.

Za madzi ziyenera kufotokozedwa bwino, pakuti ndizo zikubvutabe anthu a Kanyama ndi Chawama kufikira lero. Kumadzulo ndi kumwera kwa Lusaka nthaka ndi yopyapyala, ndipo pansi pace pali thanthwe la mwala wa njereza, lodzala ndi ming'alu ndi mapanga. Dzikolo ndi lathyathyathya, lopanda mtsinje waukuru wotenga madzi a mvula kupita nao kutali. M'cilimwe mlendo anali kuona fumbi lokha, koma akakumba citsime anali kupeza madzi pafupi, nakondwa kuti wagula malo abwino. Mvula ikagwa mwamphamvu mu January ndi February, madzi a pansi aja anali kukwera mpaka kutulukira pamwamba, munda wonse nusanduka cithaphwi. Ngakhale mseu waukuru wa m'tauni, umene lero ndi Cairo Road, unali kumira, ngolo zikutitimira mpaka m'mikombero, kotero kuti anakumba ngalande zakuya m'mbali mwace. Mlimi wa masiku amenewo anali ndi maekala ambiri, tsono anali kungomanga nyumba yace pa kamtunda ndi kusiyira acule malo otsikawo. Anthu amene anadza pambuyo pace analibe mwai wotere wosankha.

Mwala womwewo unalemeretsa mlendo wina, Mtaliyana dzina lace Giovanni Marrapodi, amene anafika Lusaka akali kamudzi ka masitolo owerengeka. Iye anaona kuti cuma ca pamalopo cinali m'thanthwe, ndipo anamanga ng'anjo zootchera njereza. Nchito yace inali yowawa. Amuna anali kuswa miyala ndi nyundo, ena kudula nkhuni, ndipo m'ng'anjo anali kuyala miyala ndi nkhuni mosinthanasinthana, moto nuyaka usana ndi usiku kwa masiku angapo. Mwala ukapsya unali kuthiridwa madzi, nufufuma, nusanduka ufa woyera womangira ndi kupakira nyumba, wolusa m'maso ndi m'manja mwa ounyamula. Ng'anjo zotere zinadya mitengo yambiri ya m'mbali mwa tauni. Malo a Marrapodi anali akuru kumpoto kwa Lusaka, ndipo maina a Citaliyana a Roma ndi Villa Elizabetha ndiwo mapazi ace. Komboni imene munali kugona anchito ace ikuchedwabe ndi dzina lace.

Nanga mlendo anali kulankhula bwanji ndi anthu amene anawapeza? Ambiri sanabvutike kuphunzira Cisoli kapena Cilenje. Anabwera ndi cilankhulo ca nchito ca kumwera, cimene anthu a ku Migodi amacidziwa bwino ndi dzina lakuti Cikabanga kapena Cilapalapa. Cilankhulo cimeneco ndi cabwino potuma munthu, koma sicikwanira pofunsa za maliro kapena poweruza mlandu. Munthu anatha kukhala zaka 30 pakati pa Asoli osadziwa mfunda wa munthu womphikira cakudya. Koma anchito anali kumdziwa iye bwino lomwe. Anali kumpatsa dzina lao la mseri lonena za ndebvu zace, mayendedwe ace kapena ukali wace, ndipo mbiri ya bwana wa cikoti inali kufika m'midzi yakutali msanga kuposa kalata.

Sikuti alendo onse anali otero. M'caka comwe ca 1905 wansembe wa Ciyezuiti, Bambo Jules Torrend, anayamba mishoni ya Kasisi kumpoto cakum'mawa kwa Lusaka. Iyeyu anali katswiri wa zilankhulo, amene anasindikiza buku lofanizira zilankhulo za anthu a kuno m'caka ca 1891, asanafike n'komwe ku Kasisi. Anakhala m'nyumba ya udzu, nalima munda, nakhala pansi ndi akuru a m'midzi kumvetsera mau ao ndi nthano zao. Mnzace Bambo Joseph Moreau, amene anayamba mishoni ya Chikuni caka comweco, ndiye akumbukidwa pakati pa Atonga cifukwa cowaonetsa kulima ndi khasu la ng'ombe. Amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo kwa Atonga kalumo kameneko kanali pulawo.

Cinthu cimene alendo onse anagawana cinali kusungulumwa. Mnansi wa mtundu wao anali pa mtunda wa maora angapo pa ngolo. Tsiku lofika sitima ndilo linali tsiku la cisangalalo: anthu anali kusonkhana pa siteshoni kudzalandira makalata ndi manyuzipepala a masabata apitawo, kugula mcere, shuga ndi zipolopolo ku sitolo, ndi kumva mtengo wa cimanga. Mabunu anali kusonkhana nthawi ndi nthawi pa Mgonero wa Ambuye, mabanja namanga misasa masiku angapo pozinga chalichi, ndipo pamenepo ndipo anyamata anali kuonera mbeta. Za milandu ndi msonkho anali kupita ku Boma la Chilanga, pakuti Lusaka analibe ulemu uli wonse masiku amenewo. Bungwe loyamba loyang'anira kamudziko linakhazikitsidwa m'caka ca 1913.

Koma nkhani ya mlendo wa pafamu siingathe kukambidwa popanda anthu amene anamlimira. Msonkho wa Boma unali kufuna ndalama, ndipo ndalama zinali kwa Mzungu, tsono amuna anali kucoka m'midzi kukalembedwa pa tikiti ya masiku 30, kulandira masiling'i owerengeka ndi phoso la ufa, nyemba ndi mcere. Ena anacokera kutali, ku Fort Jameson, ku Petauke, ku Nyasaland ndi ku Tete, ndipo ndiwo anabzala Cinyanja m'dziko la Asoli mpaka cinakhala cilankhulo ca Lusaka. M'zaka za 1928 ndi 1929 Boma linadula malo ochedwa marizevu, ndipo midzi yambiri ya m'mbali mwa njanje inasunthidwa kuti nthaka yabwino itsalire alimi Acizungu. Pamene migodi ya mkuwa inakula ndi kufuna cimanga cambiri codyetsa anchito, alimi a m'midzi anayamba kugulitsa cao mochipa, ndipo alimi Acizungu anadandaula. Lamulo la cimanga limene linayamba kugwira nchito m'caka ca 1936 linapatsa Azungu magawo atatu mwa anai a msika wa m'dziko muno. Nsima imene wa pamgodi anali kudya ku Nkana kapena ku Luanshya inali ndi mbiri yotere kumbuyo kwace.

M'caka ca 1935 likulu la dziko linacoka ku Livingstone kudza ku Lusaka. Olemba mapulani anajambula mzinda wa misewu yotakata ndi mitengo ya maluwa, wa Azungu ndi anchito ao owerengeka, osaganizira za khamu la anthu limene linali kudzamanga mzindawo. Munthu wakuda anali kuyesedwa mlendo m'tauni, woyenda ndi citupa, woyenera kubwerera kumudzi nchito ikatha. Apa ndipo eni mafamu a m'mphepete mwa tauni anatulukira mbeu yatsopano yosafuna mvula kapena ng'ombe. Anayamba kulola anthu kumanga tinyumba pa malo ao ndi kulandira lendi mwezi ndi mwezi. Makampani omanga, monga John Howard ndi John Laing, anamanganso misasa ya anchito ao pa malo otere, ndipo nchito ikatha anthu sanali kucoka. Chawama poyamba anali kuchedwa komboni ya Roberts, dzina la mwini malo. Akuru a m'Misisi amati dzinalo linacokera ku mau amene anchito anali kuitanira dona mwini famu. Komboni ya George inatenga dzina la George Hadjipetrou, amene anali ndi nchito youmba njerwa kumadzulo kwa Matero. Kalingalinga anamera pa mafamu osiyidwa kum'mawa kwa tauni.

Matero ndi wosiyana ndi anzacewo. Lamulo la 1948 linakakamiza makhonsolo ndi olemba nchito kupezera anchito nyumba zokhalamo ndi mabanja ao, ndipo Matero ndi Chilenje anamangidwa m'zaka zotsatira, nyumba za njerwa m'mizere yoongoka. Koma nyumba yotere inali yomangirira ku nchito. Munthu akacotsedwa nchito anali kutaya ndi nyumba yomwe, ndipo njira yace inali ya ku Kanyama kapena ku George, kumene munthu anali kumanga yekha ndi zidina, makatoni ndi malata a migolo.

Ku Marrapodi kunafikanso alendo a mtundu wina. Otsatira a Johane Masowe, Mashona amene anakhala zaka zambiri ku Korsten m'mzinda wa Port Elizabeth, anathamangitsidwa ku South Africa m'caka ca 1962, ndipo ambiri anadzakhazikika ku Lusaka. Anali amisiri oluka madengu, osula zidebe ndi opala mipando, osafuna kulembedwa nchito ndi munthu. Amuna ao anali kumeta mpala ndi kusunga ndebvu zazitali, ndipo anthu amati dzina la Mandevu linacokera pamenepo.

Ufulu utadza pa 24 October 1964, citupa cinatha mphamvu ndipo anthu anakhamukira ku Lusaka. Mzinda umene unali ndi anthu ngati 120,000 m'caka ca 1963 unapitirira 260,000 pofika 1969. Eni mafamu ambiri anagulitsa kapena anangocoka, ena kumwera, ena kwao kutsidya, ndipo panalibenso wolandira lendi. Atsogoleri a cipani ca UNIP m'makomboni ndiwo anayamba kugawa malo omangapo. Boma linayesa kugwetsa nyumba zina, linayesanso kusamutsa anthu. Mtendere anatsegulidwa m'caka ca 1967 monga malo opimidwa, kumene munthu anali kupatsidwa poloti ndi mpopi wapafupi kuti amange yekha, ndipo ena a ku Kalingalinga anasamukira kumeneko, koma Kalingalinga sanathe. Potsiriza Boma linabvomera kuti makomboni sadzacoka. Lamulo la 1974 linalola kuti malo otere alembedwe monga malo owakonza, ndipo ndi ngongole ya World Bank misewu, mipopi ndi masukulu zinalowa m'George, m'Chawama ndi m'Chaisa. Kalingalinga anakonzedwa pambuyo pace, m'zaka za m'ma 1980, ndi thandizo la Ajeremani. Boma linayesa kupatsa George dzina lakuti Mwaziona, koma pakamwa pa anthu dzina la woumba njerwa uja silinacoke.

M'caka ca 1975 lamulo lina linathetsa umwini wa nthaka wamuyaya umene alimi oyamba aja anali nao, nthaka yonse niikidwa m'manja mwa President, ndipo ciyambire lamulo la 1995 munthu amabwereka nthaka kwa zaka zosapitirira 99. Alendo olima sanathe ai. Pamene alimi Acizungu analandidwa mafamu ku Zimbabwe kuyambira 2000, ena anaoloka Zambezi nadzalima fodya, tirigu ndi soya ku Mkushi ndi ku Chisamba, ndipo Machaina ena anatsegula mafamu a nkhuku ndi ndiwo zamasamba pafupi ndi Lusaka. Mlendo wa masiku ano ali ndi mjigo, magetsi a dzuwa, galimoto ndi foni yolankhulira ndi abale ace kwao madzulo ali onse. Nthenda ya mkodzo wakuda saidziwa. Koma mpanda wace ndi wautali kuposa wa Mbunu wa ngolo uja, ndipo ngati adziwa Cinyanja, kawirikawiri ndi ca nchito cokha.

Thanthwe lija silinasinthe. Pa malo amene banja limodzi la mlendo linali kukhala ndi ng'ombe zace pakukhala tsopano anthu zikwi makumimakumi, pakuti kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2,000,000 m'Lusaka, ndipo ambiri a iwo ali m'makomboni. Maenje amene munakumbidwa miyala anadzala madzi, monga dziwe la Ngwenya ku Misisi, ndipo amai ambiri akali kuswa miyala ndi nyundo m'mbali mwa misewu kuti agulitse kwa omanga nyumba. M'caka ca 1978 cigumula cinagwetsa nyumba zambiri m'Kanyama ndi kusiya anthu zikwi pamtetete. Cimbudzi cokumba ndi citsime cosaya zikakhala pa thanthwe la ming'alu zimamwa madzi amodzi, ndipo ndico cifukwa cace kolera amayambira kawirikawiri m'makomboni a kumadzulo. Anabuka mu October 2017, nabukanso mu October 2023, pamene odwala anacuruka kotero kuti bwalo la mpira la National Heroes linasanduka cipatala ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa mu January 2024.

Cikalata cimene mwini nyumba wa m'George kapena m'Chawama amalandira ku khonsolo cimamlola kukhala pamalopo zaka 30, ndipo zikatha ayenera kukacikonzanso. Nyumba ndi yace, angathe kuigulitsa kapena kuisiyira ana ace, koma nthaka ya pansi pa nyumbayo ili m'dzina la khonsolo.